Kanyenyezi ka Pakati pa Ndime

M'buku limene tidaphunziramo kuimba masalimo, ndime iliyonse idali yodulidwa pakati ndi kanyenyezi kakuda. Ukafika pamenepo unkaima, ngakhale mpweya ukadali wambiri m'chifuwa. Theka loyamba la ndime lanena zake. Lachiwiri lidikire kaye kuti anthu ameze zimene amvazo, kenaka libwere kudzavomereza, kudzawonjezera, kapena kudzatsutsa. Pafupifupi masalimo onse 150 adalukidwa chotero: mfundo imanenedwa, n'kunenedwanso mwa njira ina. Kuima kumeneko kudali kotalikirapo kuposa mmene munthu wosazolowera angapirire.

Tatsala owerengeka kuno kumunsi kwa Mua amene tidakula nako kuimba kumeneku, ndipo mwa otsalafe palibe amene mawu ake akadali amphumphu. Adzukulu athu amayesa kuti salimo ndi kanyimbo kodutsira, kopumulirapo owerenga Mawu. Idali ntchito, yophunzira ndi thukuta, yokhala ndi eni ake.

Eni ake kwathu adali akatekisti a tchalitchi chathu cha kumudzi, amene tonse, ndi mafumu omwe, tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Adalowako kuseminale ali mnyamata koma unsembe sadaufike. Adabwerako ndi Chilatini, chifuwa chosatha mpweya, ndi buku lakuda lonenepa lotchedwa Liber Usualis, limene ankalikulunga m'nsalu poopa chiswe ndi mphemvu. Kuimba kwa m'bukumo kudafika kuno ndi ansembe a White Fathers amene adatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Chaka chotsatira, mu 1903, Papa Pius X adalamula kuti kuimba kwakale kwa Gregorian, kumene amonke a ku Solesmes ku France ankakukonzanso kuchokera m'zolemba zamakedzana, ndiko kukhale patsogolo m'matchalitchi a Katolika. Choncho agogo athu amene adayamba kubatizidwa sadachite kusankha. Adakupeza kuli kale pakhomo.

Manoti ake ndi timabokosi takuda pa mizere inayi, pomwe a m'mabuku a kwaya a masiku ano amakhala pa mizere isanu. Njira zoimbira salimo zidalipo 8. Iliyonse ili ndi poyambira, manoti awiri kapena atatu okwera amene amaimbidwa pa ndime yoyamba yokha. Pokhazikika, noti imodzi imene mawu ambiri a ndimeyo amayendapo. Popindira, pamene liwu limapinda pang'ono lisanafike pa kanyenyezi. Ndi potsikira, pothera ndime. Ndime ikatalika kwambiri pankaikidwa kamtanda theka loyamba lisanathe, pamenepo liwu n'kugwa pang'ono, iwe n'kuba mpweya mwamsanga, n'kubwerera pamene udali. Njira ina imakhala ndi potsikira pangapo, ndipo kuti udziwe pofunika tsikulo unkayang'ana pansi pa manoti pamene padalembedwa zilembo e u o u a e. Ife ana tinkaziimba momwemo pobwerera kunyumba, tikuseka, mpaka Aphunzitsi adatiuza kuti ndi malembo a liwu a mawu awiri omaliza a pemphero lotamanda Utatu Woyera, limene linkatseka salimo lililonse, tonse titaweramitsa mitu. Zonse ndi zomwezo. Mwana wochenjera angaziloweze pa sabata imodzi.

Chovuta chidali pokhazikika paja. Maphatikizo khumi, nthawi zina makumi awiri, pa noti imodzi. Wosadziwa amathamanga nawo kuti akafike msanga popindira pamene pali kukoma, ndiye akafika n'kukoka mawu omaliza mpaka kutopetsa anthu. Aphunzitsi ankadana nazo zimenezi kuposa kuphonya noti. Ankati pa noti imodziyo uziyenda pa liwiro la kulankhula kwabwino, liwu lililonse ndi kulemera kwake, lalikulu limveke lalikulu, laling'ono lidutse mopepuka. Ankatiimika pakhonde la sukulu, iwo n'kukaima patali pansi pa mtengo wa mango atatifulatira. Akangotembenuka, udziwe kuti wameza liwu. Bwereza. Ukafulumira pa kanyenyezi ankafuula ali komweko kuti, "Iwe mwana, ukuthawa chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Za mpweya ankatiphunzitsa panjira. Pokwera chitunda cha ku mishoni ankatiuza kuti tizinena ndime imodzi pa mpweya umodzi tikuyenda, mapewa osakwera, mimba ndiyo izituluka. Amene wakwanitsa pachitunda, m'tchalitchi sankavutika.

Masabata ena tinkakhala ku mishoniko mpaka mapemphero a madzulo. Lamulungu madzulo masalimo adali omwewo nthawi zambiri, kuyambira 109 mpaka 113 m'mawerengedwe a buku la Chilatini, amene m'Baibulo la lero ayambira pa 110. Anyamata tinkagawidwa mbali ziwiri moyang'anana, mbali ino ndime yoyamba, mbali iyo yachiwiri. Amene adaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi akudziwa chimene ndikunena: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo sigundana. Pakati pa ndime ndi ndime sipankakhala mpata. Mbali ina inkalandira mawu a inzake asanazilale. Mpata udali m'kati mwa ndime, pa kanyenyezi, pamene anyamata makumi angapo ankakoka mpweya nthawi imodzi. Unkamveka mpweyawo, mpaka pakhomo.

Salimo lomaliza, la kutuluka kwa Aisraeli mu ukapolo, lidali ndi njira yakeyake, ya 9, imene buku limaitcha tonus peregrinus. Theka loyamba limakhazikika pa noti ina, lachiwiri pa noti yotsikirapo, moti liwu silibwerera pamene lidachokera. Ndidali mwana wosamva ndi liwu limodzi lomwe la Chilatini, koma njira imeneyo inkandigwira pakhosi.

Chilatinicho sindichilira ayi. Mayi anga adapemphera nacho zaka zambiri osadziwa chimene akumuuza Mulungu. Ngakhale mu 1957, pamene mwana wa m'dera la Mua lomweli, Cornelius Chitsulo, amene mu 1937 adakhala wansembe woyamba wa Katolika wobadwira m'dziko muno, adadzozedwa kukhala episkopi, Misa idali ya Chilatini ndithu. Tidanyada, koma tidanyada m'chinenero cha eni.

Zinthu zidatembenuka ndi msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican. Pa 4 Disembala 1963 adavomereza kuti zinenero za anthu zipatsidwe malo m'Misa. Mu 1966 lidatuluka Baibulo lathu la Akatolika, Malembo Oyera, ntchito ya Bambo Louis Villy. Mu 1969 ku Roma kudatuluka dongosolo latsopano la mawerengo, loyenda zaka zitatu, A, B ndi C, ndipo pambuyo pa mawu oyamba adabwezerapo salimo loti mmodzi aziimba ndime, anthu onse azivomera. Kale pamalo pamenepo pankangokhala timizere tingapo ta kwaya yokha. Anzawo ena a Aphunzitsi adakhumudwa, wina mpaka adaleka kutsogolera nyimbo. Iwo adangosongola pensulo.

Pamenepo n'kuti nditakula, nditakwatira, ndipo madzulo ambiri ndinkakhala nawo pakhonde pawo, koloboyi ali pakati, pamene ankayesa kulowetsa chinenero chathu m'njira 8 zija. Chimene adapeza chidawasangalatsa. Ife tikamamaliza chiganizo timatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, n'kulikokako pang'ono. Mawu ambiri a Chilatini amatsamiranso pomwepo, ndipo popindira ndi potsikira padapangidwa motsata kutsamira kwa mawu. Choncho Chichewa chidalowa m'njira zija mosachita kukakamiza. Ndiponso mawu athu amathera pa lembo la liwu, kukamwa kuli kotsekuka, kotero liwu limayenda mpaka kumbuyo kwa tchalitchi popanda cholitchinga.

Zovuta zake zidalipo. Mawu athu ndi aatali. Ndime imene m'Chilatini inkakwana mpweya umodzi, m'Chichewa inkafuna umodzi ndi theka. Timitanda ta kuba mpweya tidachuluka, ndipo kalikonse ankalimbana nako kaye asanakalembe: aimbe, agwedeze mutu, afufute, aimbenso. Sankalola kupuma pakati pa "wa" kapena "ndi" ndi dzina lotsatira. Sankalola kuti "m" wa pa mtima, mzimu, mtendere amezedwe. Ankati ameneyo ndi phatikizo payekha, mpatseni nthawi yake milomo itatsekedwa. Koma chimene ankachiyang'anira koposa ndi "si" ndi "sa" wa kukana. Pa noti imodzi, mothamanga, kaphatikizo kameneko kamasowa, ndipo ndime yonena kuti Mulungu sasiya inkafika kwa agogo a kumbuyo ikuti asiya. "Wamunamizira Mulungu pamaso pa mpingo wonse," ankatero, osaseka.

Palinso china chimene ndidachimvetsa nditayamba kutsogolera ndekha. Chichewa chili ndi nyimbo yake m'kati mwa mawu. Pali maphatikizo okwera ndi otsika ngakhale tikungocheza. Pokhazikika paja pamafafaniza zonsezo, ndipo khutu limalola, poti likudziwa kuti uku n'kuimba. Koma popindira, ukakweza phatikizo limene polankhula limatsika, anthu amamva chilendo, ngakhale sangakuuze kuti chavuta n'chiyani. Aphunzitsi akakumana ndi zotero ankasintha njira, kuchoka pa ya 8 kupita pa ya 2, kapena kuyamba kupinda phatikizo limodzi m'mbuyo. M'kupita kwa nthawi adayamba kupeka njira zawozawo, zazifupi, zotengera kaimbidwe ka kwathu konkuno. Sadazilembe pa manoti. Zimene ndikuzikumbuka ndi zochepa, ndipo ndikapita ine zipita.

Salimo sankaliyamba Lamulungu m'mawa. Kuyambira Lachinayi unkaliwerenga mokweza, popanda nyimbo, mpaka udziwe kuti ndani akulankhula. M'salimo limodzi mungakhale munthu wodandaula, adani ake akumunyoza, kenaka Mulungu mwini akuyankha, ndipo buku silikuuza pamene wina walekera ndi pamene wina wayambira. Woimba ayenera kudziwa, koma asachite sewero. Apa Aphunzitsi adali ouma mtima. Mnzathu wina wa mawu okoma kwambiri ankakonda kunjenjemeretsa liwu pa masalimo a chisoni, amayi n'kumapukusa mitu. Adamuitanira pambali n'kumuuza kuti, "Misozi ndi ya anthu. Iwe wapatsidwa mawu, pereka mawu." Ine ndinkaona ngati ankanyanya. Koma Lamulungu la Kanjedza, pa salimo 22, la munthu amene akumva kuti Mulungu wamutaya, ndidaona kuti pamene woimba waima chilili, nkhope ili phee, ndi pamene mawuwo amalasa kwambiri. Woimba akalira, anthu amamvera chisoni woimbayo.

Usiku wa Pasaka ndiwo udali mayeso a chaka. Mawerengo a Chipangano Chakale amafika 7, lililonse ndi salimo lake kapena nyimbo ya m'Malembo, ndipo anthu akhala m'chisisira kuyambira pa moto wa panja, ana akugona pamiyendo. Aphunzitsi ankatigawira, wina ili wina ilo, n'kusankha njira kuti ziwiri zofanana zisatsatane, zolemera poyamba, zopepuka chakumapeto. Mwana wamkazi woyamba kuimba salimo m'tchalitchi chathu adaimba usiku wotero. Akuluakulu ena adang'ung'udza. Iwo adangoti, "Ameza liwu liti?" Padalibe woyankha.

Kuvomera ndiye sikudafune kuphunzitsa. Anthu amene adakula akuyankha nthano madzulo ndi kuvomera nyimbo za kumunda ndi za pamaliro sadaonepo chachilendo. Ntchito idali ya wotsogolera, kuwapatsira nyimbo m'manja. Misa isanayambe unkawaimbira yankho lawo kawiri kapena katatu. Unkayambira potsika, poganizira kuti ndi m'mawa, anthu ayenda mtunda, ena sadalawe kanthu, ndipo amene amagwira yankho ndi amayi achikulire. Pothera ndime unkachepetsa liwiro pa maphatikizo atatu omaliza, n'kudzutsa mutu m'buku, kuwayang'ana. Dzanja silinkafunika kwenikweni. Malemu mayi a ana anga ankakhala pa mkeka wachiwiri kumbali ya amayi, ndipo ankalowa kamphindi kakang'ono anzawo asanalowe, moti mbali yonseyo inkangotsatira osadziwa kuti ikutsogoleredwa. Sitidapanganepo zimenezi, ndipo kunyumba sitinkazikamba. Ndidazindikira kukula kwa ntchito yawo Lamulungu loyamba atatisiya, pamene ndidadzutsa mutu, tchalitchi n'kuchedwa kuyankha.

Ng'oma zitaloledwa m'tchalitchi Aphunzitsi sadazikane. Pa nyimbo ya Ulemu, pa zopereka, potuluka, ng'oma zinkalira, visekese, nthungululu, iwo omwe n'kumagwedeza mapewa. Pa salimo pokha ankatambasulira dzanja anyamata a ng'oma kuti aziike pansi. Ng'oma imagawa nthawi mofanana, pomwe ndime za salimo sizifanana, ina ya mawu asanu, ina ya khumi ndi asanu. Ukaziika pa ng'oma, zazitali uzithamangitsa, zazifupi uzikoka, ndipo kanyenyezi kasowa pokhala. Zaka zimenezo, za m'ma 1970 ndi 1980, ndizo ndimazilira ine. Mwambo wakale udali ukadali m'mafupa mwathu, chinenero chidali chathu, ndipo miphakati itayamba, salimo lidatuluka m'tchalitchi n'kulowa m'makomo mwa anthu.

Pamaliro, usiku pakati, kwaya ikatopa, moto wa abambo panja utayamba kuzilala, Aphunzitsi ankaima pakhomo pa siwa n'kuyamba salimo 130, la munthu amene wamira m'mavuto n'kumadikira Mulungu mpaka kuche. Kenaka 51, la kulapa kwa Davide. Popanda buku, popanda nyali. Amayi m'nyumbamo ankatsitsa kulira kuti amve mawu, ndipo pa kanyenyezi kalikonse unkamva kusisima kwa anamfedwa kukulowa mumpatamo. A mipingo ina, Asilamu a kunyanja amene abwera kudzakhuza, ndi anyamata a gule omwe, onse ankaleka macheza mpaka lithe.

Pa 8 Malichi 1992 lidali Lamulungu loyamba la Lenti, chaka C. Salimo la tsikulo ndi 91, la chitetezo cha Mulungu pa nthawi ya zoopsa, limene Aphunzitsi adalidziwa kuyambira kuseminale poti m'buku lakale lidali la mapemphero a pogona. Adali atakalamba, masalimo ambiri ndinkaimba ndine, koma limeneli ankalikonda ndipo adaliimba okha. Ife wamba sitinkadziwa chimene chikubwera. Uthenga Wabwino utatha, kudawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, Ambuye James Chiona ndi anzawo, yonena poyera zimene tinkanong'onezana zaka zonsezo: za malipiro a anthu osauka, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za kuopa kulankhula. M'masiku otsatira boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo wopezeka nayo ali pa mlandu. Ena adaikwirira m'nkhokwe, ena adaiotcha.

Lamulungu lotsatira, pa 15 Malichi, anthu adabwera ambiri, koma mwakachetechete, aliyense akuba maso kuona amene wakhala pambali pake. Kumbuyo kudaima anthu amene sitinkawaona m'tchalitchi masiku ena. Salimo la tsikulo silidasankhidwe ndi munthu wa kuno. Lidaikidwa kale m'dongosolo la 1969 lija pa Lamulungu lachiwiri la Lenti, chaka C. Ndi salimo 27, ndipo ndime yake yoyamba ili ndi mafunso awiri, onse okhudza mantha. Kuseri kwa tchalitchi ndidawauza Aphunzitsi kuti ndakonzeka. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe uli ndi ana a pasukulu. Ndipatse buku."

Adayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Sadakweze mawu, sadayang'ane kumbuyo kuja, sadawonjeze kanthu. Funso adalisiya kuti liyende mmene njira ikuyendera, lopanda ukali. Atafika pa kanyenyezi adaima monga mwa masiku onse, utali womwewo umene adatiphunzitsa pakhonde la sukulu. Koma tsiku limenelo mpatawo udalemera. Funso lidatsala lokha m'tchalitchi, aliyense n'kuliyankha mumtima mwake, kaya aja a kumbuyo adaliyankha bwanji. Yankho litafika, amayi adalilandira ndi mphamvu imene sindidaimvenso chichokere tsikulo. Palibe amene adamangidwa kwathu. Munthu ungamuimbe mlandu wanji poimba salimo la tsiku lake, n'kupuma pamene buku lati apume? Kwina zidafika poipa: malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka adatenthedwa, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 tidakaponya voti ya riferendamu, Aphunzitsi atakwezedwa pa njinga.

Adamwalira m'njala ya 2002, miyezi ija anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi. Ukalamba udalipo kale, njala idangokankhira. Maliro adachuluka, anthu adali ofooka, ndipo mwambo udafupikitsidwa kuti adzukulu akakumbe kwina. Munthu amene adaperekeza maliro a mudzi wonse ndi salimo usiku pakati, iye sadagoneredwe n'komwe. Ndidaimba 130 pamanda, dzuwa lili pamutu. Buku lakuda lija adandisiyira ine, pamodzi ndi makope a pensulo.

Ana a lero amaimba bwino, ndisawanamizire. Kwaya ya kwathu imaimba mawu anayi molongosoka kuposa mmene ife tinkachitira, ili ndi yunifolomu, imapita ku mipikisano. Onse amadziwa kuwerenga, Buku Loyera la 1998 lili m'nyumba zambiri, ena ali nalo pafoni. Mwina n'chifukwa chake sada nkhawa ndi liwu lomezedwa, poti wofuna akaliwerenga yekha. Ife tinkaimbira anthu amene salimo akalimva ndi khutu, basi, alibe kwina kokalipeza. Wotsogolera akameza liwu, agogo aja ankapita kwawo opanda liwulo mpaka zaka zitatu zidutse, Lamulungu lomwelo libwerenso. Ndipo agogo otero akadalipo, amakhala kumbuyo komwe kuja.

Chimene chidasintha zinthu ndi kiyibodi. Limba lakale la ku mishoni, lopopa ndi mapazi, linkatsatira woimba. Akaima, nalo liime. Kiyibodi ili ndi ng'oma zake m'kati, ukadina batani zimayamba ndipo sizidikira munthu. Salimo tsopano limadulidwa kuti likwane pa biti. Ndime zinayi zimasanduka ziwiri, yankho limabwerezedwa kanayi manja ali m'mwamba, ndipo masabata ena salimo silimveka n'komwe, m'malo mwake kolasi imene kwaya yakhala ikukonzekera. Malamulo a Misa amanena momveka kuti salimo ndi Mawu a Mulungu, sililowedwa m'malo ndi nyimbo yopeka munthu. Ndidazinenapo pa msonkhano wa tchalitchi. Adandiyankha mwaulemu wonse, "Zikomo agogo, tamva," n'kupita pa mfundo ya ndalama za mafuta a jenereta.

Zokuzira mawu nazo zidatilanda china. Mwana amene wakula ndi maikolofoni sadziwa kutumiza liwu ndi chifuwa. Amanong'ona, chitsulo n'kumukuzira, pamodzi ndi phokoso lonse, ndipo pansi pa denga la malata mawu amabwerera n'kugundana okhaokha. "Si" uja amasoweratu. Magetsi akazima pakati pa salimo, woimba amaleka n'kutembenukira anyamata a mawaya, mpingo wonse n'kudikira naye.

Lamulungu lina adandipempha kuti nditsogolere, poti woimba wawo adadwala. Ndidauza mnyamata wa kiyibodi kuti angondipatsa noti yoyambira, zina andisiyire. Adatero. Nditafika pa kanyenyezi ndidaima, ndipo iye, mwana wabwino, wofuna kuthandiza nkhalamba imene yataya mzere, adadzazapo timanoti tokoma. Ndime yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Sindidamukalipire. Palibe amene adamuuzapo kuti mpata umenewo ndi wa anthu.

Mtsikana wina wa m'kwayamo, amene akuphunzira unamwino ku Lilongwe, adali pa tchuthi sabata imeneyo. Lachiwiri lake adabwera kunyumba, adagwada pakhonde, n'kufunsa kuti, "Agogo, zija munaimba zija, ziliponso zina?" Ndidatulutsa buku ndi makope. Pensulo yayamba kufufutika, chiswe chidadyako ngodya za makope awiri. Adayatsa foni kuti ajambule mawu. Ndidamuimbira njira ya 8, ya 2, ndi imodzi mwa zija adapeka Aphunzitsi. Mpweya sukwananso. Pamene kale ndinkadutsa theka lonse la ndime, tsopano ndimaba kawiri, pamalo pamene Aphunzitsi akadatembenuka pansi pa mango paja. Ndidamuuza kuti asatengere kupuma kwangako, atengere timitanda ta pensulo, ndipo adajambula masambawo limodzilimodzi. Tonus peregrinus ndidaiyamba, chifuwa chidakana.

Adati atumiza pa gulu lawo la WhatsApp, ndipo adzabweranso pa tchuthi cha Khirisimasi kuti titsirize njira zotsalazo. Potsanzika adafunsa ngati angaikepo kiyibodi pansipansi, yopanda ng'oma. Ndidati akayese, koma amuuze mnyamata uja kuti aziyang'ana pakamwa pa woimba salimo, zala zake azisiye zidziyendere zokha.